Sukulu yokha ikukwana? Za amayi, ntchito ndi kusiyana kwa chuma

Nachisale: Moni nonse pagulu. Ndili ndi funso landizunguza mutu ndipo ndikufuna a Gondwe ndi Tadala ayankhepo poti ndi amene amakonda zowerengawerenga. Munthu aliyense ukamufunsa za umphawi wa amayi yankho limakhala limodzi, phunzitsani mtsikana basi zonse ziyenda zokha. Koma taonani ku India, atsikana opita kusukulu anachuluka kuposa kale, chuma cha dziko chinakula kwambiri kuyambira m'ma 2000, koma amayi ogwira ntchito anamka nachepa kwa zaka zambiri m'malo mochuluka. Ku Jordan ndi ku Iran atsikana adzaza mayunivesite koma amayi opezeka pantchito sakwana ngakhale mmodzi mwa asanu. Nde chikusowa ndi chani?

A Gondwe: Mayi Nachisale mwafunsa bwino koma samalani, funso ngati limeneli ena amalitola n'kumati ndiye kuti sukulu ilibe phindu. Ku Ghana kuyambira 2008 a Esther Duflo, a Pascaline Dupas ndi a Michael Kremer anapereka basale ya sekondale kwa achinyamata omwe anakhoza mayeso koma fizi inawakanika, anawasankha mwamaere kuti pasakhale kukondera, kenako n'kumawatsatira kwa zaka zoposa khumi. Atsikana omwe anapeza basale anachedwerako kutenga mimba, ambiri anafika mpaka ku koleji kuposa anzawo aja. Ku Kenya anthu omwewa anangogawa yunifomu yaulere, osiyira sukulu panjira anachepa, mimba zaubwana zinachepanso. Yunifomu chabe!

Tadala: Bambo Gondwe palibe akutsutsa zimenezo, sukulu ili ndi phindu lake ngakhale munthu asadzalembedwe ntchito. Koma kafukufuku wa ku Ghana yemweyo ali ndi mbali ina yomwe anthu amaidumpha, phindu lalikulu lomwe atsikana aja anapeza pa nkhani ya ntchito linadzera mu ntchito zaboma, ndipo ntchito zaboma ndi zowerengeka, wina akalowa ndiye kuti wina watsala panja. Nde funso la a Nachisale likadalipo.

Amene anafotokoza bwino zinthuzi kwa ine ndi Claudia Goldin wa ku Harvard, uja analandira Nobel ya zachuma mu 2023. Anafukula ziwerengero za ku America za zaka zoposa 200 ndipo anapeza kuti kugwira ntchito kwa amayi okwatiwa sikukwera chokweza ayi, kumayenda ngati chilembo cha U. Dziko likakhala losauka amayi pafupifupi onse amagwira ntchito, kumunda, kuluka, kusoka, geni ya pakhomo, chifukwa ntchito ili pomwe ana ali komanso palibe kuchitira mwina. Mafakitale akabwera ntchito imachoka pakhomo n'kupita kutali, mwamuna akuyamba kulandira kangachepe, ndipo mkazi wokwatiwa kukagwira ntchito yamanja kufakitale kumaoneka ngati manyazi kwa mwamuna wake, nde amayi amabwerera kunyumba. Amadzatulukanso pakabwera ntchito za muofesi, uphunzitsi, unamwino, zogulitsa m'masitolo, atsikana atafika sekondale ambiri. Ku America mapiritsi a kulera anathandizanso kwambiri m'ma 1970 chifukwa mtsikana ankatha kuyamba maphunziro aatali ngati udokotala kapena zamalamulo akudziwa kuti amaliza. India anthu ambiri amati inagwera pansi pa U pamenepo, mabanja anayamba kupezako bwino, atsikana aphunzira moti ntchito yakumunda sangaifunenso, koma ntchito zoyenera maphunziro awo pafupi kulibe.

Che Bwanali: Nde vuto lili pati? Ngati bambo akupeza bwino ndipo mayi wasankha kukhala pakhomo kulera ana, si chitukuko chimenecho? Mukufuna aliyense azithamangira basi m'mawa kuti ziwerengero zanu zikongole?

Mai a Yankho: kkkk Che Bwanali "kukhala pakhomo". Kukhala kwake kuti? mwayesapo tsiku limodzi?

Tadala: Achimwene funso lanu si lolakwika kwenikweni, kumanzere kwa U kuja amayi amagwira ntchito chifukwa cha umphawi osati ufulu, nde kuchuluka kwa amayi pantchito pakokha si umboni woti zinthu zili bwino. Koma mawu oti wasankha ndi amene ndikukana. ILO, bungwe la UN loona za ntchito, mu lipoti lake la 2018 inati ntchito yosamalira pakhomo yosalipidwa imadya maola 16.4 biliyoni tsiku lililonse padziko lonse ndipo 76 peresenti ya maola amenewo ndi amayi, kuposa abambo katatu ndi kadontho. Lipoti lomwelo linati amayi 606 miliyoni a msinkhu wogwira ntchito ananena kuti sangathe kufuna ntchito chifukwa cha ntchito zapakhomo, abambo onena zomwezo anali 41 miliyoni. Kusiyana kotere sikungakhale kusankha kwa munthu payekhapayekha.

Nachisale: Ndipo chondinyansa n'choti zonsezo mu GDP, chiwerengero cha chuma chomwe dziko lapanga pachaka, mulibe. Wantchito akaphika n'kulipidwa ndi chuma, mayi akaphika mphika womwewo si chuma.

Tadala: Eya. Kutunga madzi ndi kutola nkhuni malamulo owerengera chuma a UN anazivomera mu 1993 kuti ziziwerengedwa, ngakhale maiko ambiri sazilemba, koma kuphika kuchapa kulera mwana kusamalira wodwala zili panjabe.

Kondwani: Ok koma maiko olemera anathana nazo izi eti? ku Europe uko tchuthi cha uchembere chilipo, malo olerera ana alipo

Tadala: Anachepetsa koma sanathane nazo. Ku Denmark a Henrik Kleven ndi anzawo anatsatira malipiro a anthu asanabereke ndi atabereka. Mwamuna ndi mkazi amayenda limodzi bwinobwino mpaka mwana woyamba kubadwa, pamenepo ndalama za mayi zimagwa ndipo zimakhala zotsalira ndi pafupifupi 20 peresenti kwa zaka zambiri, za bambo sizigwedezeka n'komwe. Anayang'ananso mabanja omwe anachita kutenga mwana wa ena n'kumulera ngati wawo, mayi sanakhale ndi pakati sanayamwitse, koma patapita nthawi kutsalira kwake kunali pafupifupi chimodzimodzi. Nde si nkhani ya thupi, ndi nkhani yoti mwana akadwala foni imaimbidwa kwa ndani. Goldin amawonjezera kuti ntchito zolipira kwambiri masiku ano zimafuna munthu wopezeka nthawi ina iliyonse, usiku, Loweruka, ulendo wadzidzidzi, nde banja limaona kuti bola mmodzi atenge ntchito yotero winayo atenge yopepuka yapafupi ndi ana, ndipo winayo tikumudziwa tonse.

Mai a Yankho: Apa ndiye mwafika pomwe ine ndimafuna. Mungandiphunzitse mpaka digiri, mungandipatse mpamba, koma ngati ndilibe womusiyira mwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo zonsezo ndi nthano. Tsiku lili ndi maola omwewo kwa aliyense. Anthu a mabungwe amabwera ndi maphunziro a bizinesi, misonkhano, magulu, zonse akuwonjezera pamutu pa munthu yemwe wadzuka kale mbandakucha ndipo agona mochedwa kuposa onse m'nyumba, palibe amabwera kudzachotsako kanthu.

A Gondwe: Pamenepo ndikuvomerezani mayi. Ku Korogocho mu Nairobi anayesa kupereka makuponi olipirira malo osamalira ana kwa amayi ena, ndipo omwe analandira anapezeka pantchito kuposa anzawo. Ku KwaZulu-Natal ku South Africa a Taryn Dinkelman anapeza kuti magetsi atafika kumidzi chitatha tsankho, amayi ogwira ntchito anachuluka ndithu pomwe kwa abambo sikunasinthe kwenikweni, anthu anasiya kudalira nkhuni pophika ndipo nthawi inapezeka. Ndiye nthawi zina chothandiza mayi si pulogalamu ya amayi, ndi waya wamagetsi kapena mpopi.

Che Bwanali: Nanga ngongole zing'onozing'ono zija? Si paja Muhammad Yunus wa ku Bangladesh analandira Nobel chifukwa chokweza amayi ndi tingongole

Nachisale: Analandira ya mtendere mu 2006 limodzi ndi Grameen Bank, banki yomwe anayambitsa yopereka tingongoleto, osati ya zachuma

Tadala: Ndipo ofufuza atayesa bwinobwino nkhani inazizira. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za maiko asanu ndi limodzi pamodzi, Bosnia, Ethiopia, India, Mexico, Mongolia ndi Morocco, ndipo mwachidule ngongolezi zinathandiza ena kukuza geni ndi kupuma pang'ono pa mavuto adzidzidzi koma sizinatulutse mabanja mu umphawi, mphamvu za amayi m'nyumba sizinasinthenso mwakuti n'kulozeka.

Koma yosangalatsa ndi ya ku Sri Lanka. A de Mel, a McKenzie ndi a Woodruff anapereka ndalama zaulere, osati ngongole, kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono. Kwa abambo phindu linakwera kwambiri, kwa amayi pafupifupi ziro. Anthu anayamba kulankhula zambirimbiri, ati amayi sadziwa bizinesi, ati amaopa, ati amasankha geni zosapindulitsa. Patapita zaka a Rohini Pande, a Erica Field ndi anzawo anabwereranso ku ziwerengero za ku Sri Lanka, Ghana ndi India n'kufunsa funso losavuta, m'nyumbamo muli bizinesi ina? Anapeza kuti komwe mwamuna nayenso anali ndi bizinesi, ndalama ya mayi inkathera mu bizinesi ya bamboyo, koma komwe mayi anali yekha wochita geni m'nyumba phindu lake linkakwera bwinobwino.

Mai a Yankho: kuthira madzi m'dengu kkkk. Mpamba walembedwa dzina langa koma ukugona m'thumba la wina

Che Bwanali: Koma banja ndi limodzi mayi, ndalama ikapita komwe ikupindula kwambiri cholakwika n'chani? Onse adya pomwepo

Tadala: Zikanakhala choncho bwenzi palibe nkhani achimwene, koma akatswiri a zachuma anasiya kalekale kuona banja ngati thumba limodzi chifukwa ziwerengero zinakana. Christopher Udry mu 1996 anayang'ana minda ku Burkina Faso, banja limodzi, mbewu imodzi, chaka chimodzi, munda wa mkazi unkakolola mochepera ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi wa mwamuna chifukwa feteleza pafupifupi yense ndi antchito ankapita kumunda wa bambo. Akanagawa mofanana banja lonse likanakolola zambiri, ndiye kuti ankaluza onse koma osasintha. Ku South Africa Duflo anapeza kuti penshoni ikalandiridwa ndi agogo aakazi, zidzukulu zazikazi zinkanenepa ndi kutalika bwino, ikalandiridwa ndi agogo aamuna sizinkaoneka. Ndalama yomweyo, dzanja losiyana. N'chifukwa chake Progresa, pulogalamu ya boma la Mexico yothandiza mabanja osauka, kuyambira 1997 inkapereka ndalama kwa amayi. Ku Madhya Pradesh ku India anayesanso kuika malipiro a ntchito zachitukuko mu akaunti ya mayi mwini wake m'malo mwa akaunti ya mwamuna, n'kumuphunzitsa kagwiritsidwe kake, amayi aja anayamba kugwira ntchito kwambiri ngakhale kunja kwa pulogalamuyo.

Nachisale: N'zomwe amanena zija kuti amayi amabwezera 90 peresenti ya ndalama zawo kubanja, ndipo ndi amene amalima chakudya cha mu Africa 80 peresenti

Tadala: Asisi ziwiri zimenezo zisiyeni pliz, zimangozungulira m'misonkhano ndi pa mapositala koma ukafuna komwe zinachokera supeza kafukufuku weniweni. Ya ulimiyo anthu a World Bank anaiyeza mu 2017 m'maiko asanu ndi limodzi, anapeza kuti amayi amagwira pafupifupi 40 peresenti ya ntchito yolima mbewu, ku Uganda, Tanzania ndi Malawi kupitirira theka pang'ono, ku Niger kochepera kotala. Ndi ntchito yaikulu kale, ndipo iwonjezereni yapakhomo ija. Tikamakokomeza timangopatsa anthu ngati Che Bwanali chotigwirira kkk

Che Bwanali: ndamva dzina langa

A Gondwe: Kusiyana kwa Niger ndi Uganda kwandikumbutsa mayi wina wa ku Denmark, Ester Boserup, yemwe mu 1970 analemba kuti komwe anthu ankalima ndi khasu amayi anali patsogolo kumunda, komwe ankalima ndi pulawo ya ng'ombe ntchito inapita kwa abambo amayi n'kutsalira kunyumba. Mu 2013 a Alesina, a Giuliano ndi a Nunn anayesa ganizoli ndipo anapeza kuti mitundu yomwe makolo ake ankagwiritsa pulawo mpaka lero amayi ake ndi ochepa pantchito, mu bizinesi ndi mu ndale, ngakhale ana awo obadwira ku America kapena ku Europe maganizo aja amawatsatabe. Ndangodutsamo, koma zikusonyeza kuti zomwe timati chikhalidwe nthawi zina zinayamba ndi chipangizo.

Kondwani: Ine ndikhale wotsutsa pang'ono. Zonse mukutchulazi ndi tikafukufuku ta m'midzi ingapo, yunifomu apa, kuponi apo, akaunti uko. Ndi dziko liti linalemera ndi zimenezo? South Korea, China, Vietnam amayi analowa pantchito mamiliyoni chifukwa kunabwera mafakitale, osati chifukwa munthu wa ku yunivesite anachita maere. Popanda ntchito zenizeni tikungogawana umphawi mofanana basi

Tadala: Apa Kondwani sindikukutsutsa kwambiri, ndipo kafukufuku yemweyo akukuvomereza. Robert Jensen anatumiza anthu olemba ntchito za pa foni ndi kompyuta kumidzi ya kufupi ndi Delhi kwa zaka zitatu, sanapereke ndalama, sanamange sukulu, anangodziwitsa anthu kuti ntchito zoterezi zilipo ndipo zimafuna mtsikana wophunzira. Atsikana anachedwa kukwatiwa ndi kubereka, ambiri analembetsa makosi, ang'onoang'ono makolo anawasunga pasukulu mpaka thupi lawo linaoneka kuti akudyetsedwa bwino. Ku Bangladesh a Heath ndi a Mobarak anapeza zofanana m'midzi yoyandikana ndi mafakitale osoka zovala. Nde a Nachisale, muvi nthawi zina umayenda chobwerera, si sukulu yokha imabala ntchito, ntchito ikaoneka makolo amaona chifukwa chosungira mwana wamkazi pasukulu.

Mai a Yankho: Mafakitale omwewo anagwera anthu aja? Nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh itagwa mu 2013 anthu oposa 1,100 anafa, ambiri amayi osoka, ming'alu itaoneka kale dzulo lake koma anawauza kuti alowe

Tadala: Omwewo mayi. Zonse ziwiri ndi zoona nthawi imodzi ndipo ine sindikonda anthu otchula imodzi yokha.

A Gondwe: Musaiwalenso ya ku Zomba ija ya a Baird, a McIntosh ndi a Özler, 2008 mpaka 2009, imatchulidwa padziko lonse. Atsikana ena ankalandira ndalama pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Ya lamulo ija inachita bwino posunga atsikana m'kalasi, koma yopanda lamulo ndi imene inachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba, chifukwa mtsikana yemwe wasiya sukulu ankalandirabe ndipo sankathamangira banja. Ya lamulo inkamutaya mtsikana nthawi yomwe akufunika thandizo kwambiri.

Tadala: Ndipo atabwererako patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, zambiri mwa zabwino zija zinali zitazilala, maukwati ndi mimba zinangokhala ngati zinaimikidwa kaye. Mfundo ya Kondwani yomweyo, mtsikana wamusunga zaka ziwiri koma akatuluka akupeza msika wantchito uli momwe unalili.

Nachisale: Nanga za Jordan ndi Iran zija palibe wandiyankha. Kumeneko si umphawi, sukulu aphunzira

Tadala: Kumeneko zambiri zimasakanikirana, malamulo, mayendedwe, ntchito zaboma zomwe amayi ophunzira ankadalira zinasiya kukula, komanso zonena anthu. Pa zonena anthu pali kafukufuku wa ku Saudi Arabia wa a Bursztyn ndi anzawo yemwe amandiseketsa. Anafunsa amuna achinyamata okwatira mwachinsinsi ngati akuvomereza kuti amayi azigwira ntchito kunja kwa nyumba, oposa 8 mwa 10 anati eya. Atawafunsa kuti anzanu akuganiza bwanji, ambiri anayesa kuti anzawo ovomereza ndi ochepa kuposa mmene zinalili. Ena atauzidwa zoona zake, ambiri analembetsa akazi awo ku malo othandiza kupeza ntchito. Aliyense ankaopa kusekedwa ndi munthu yemwe nayenso akuopa kusekedwa.

Che Bwanali: kkkkk iyi yokha ndaimva. Ife amuna timaopana zoona

Nachisale: Ku India kuja kunalinso zofananako eti, za mipando ya amayi m'makhonsolo a m'midzi

Tadala: Eya, kuyambira 1993 gawo limodzi mwa atatu la mipando linasungidwira amayi. Ku West Bengal ndi Rajasthan midzi yotsogozedwa ndi mayi inaika ndalama zambiri pa madzi akumwa, ndipo ku West Bengal komwe mayi anatsogolera kawiri, zomwe makolo ankalakalaka pa ana aakazi zinakwera, kusiyana kwa anyamata ndi atsikana pasukulu kunachepa kwambiri. Koma Duflo yemweyo analemba mu 2012 kuti tisamanamize anthu kuti kukweza amayi kumabweretsa chitukuko chokha nthawi zonse kapena kuti chitukuko chidzakonza chokha nkhani ya amayi, pena pamafunika kungochita chifukwa n'chilungamo ngakhale wina ataluzapo.

Kondwani: Chabwino nde tinene kuti malo olerera ana ndi ofunika monga akunenera Mai a Yankho. Alipire ndani? Ine ndikuti makampani, amene akudyerera thukuta la amayiwo

Tadala: Chile inayesa zimenezo, lamulo loti kampani yokhala ndi antchito aakazi 20 kapena kuposa izilipira malo osamalira ana awo aang'ono. Ofufuza anapeza kuti m'makampani oterowo malipiro oyambira a amayi anali otsika, ndiye kuti bilu inabwerera kwa amayi omwewo mwakachetechete. Vuto ndi loti lamulo linawerenga akazi okha ngati kuti ana alibe abambo awo.

Che Bwanali: ine ndikanakhala bwana ndikanangolemba 19 basi

Mai a Yankho: Tikudziwa Che Bwanali, simunafunike kutiuza

Kondwani: nde msonkho? boma lomwe likulephera kale kulipira aphunzitsi a pulayimale m'maiko ambiri osauka liwonjezere olera ana?

Tadala: Msonkho kapena thumba lomwe makampani onse amasonkhamo posayang'ana kuti alemba akazi angati. Kudula kwake ndi nkhani ina, ndipo malo otchipa opanda anthu ophunzitsidwa akhoza kumasula mayi n'kupweteka mwana, komanso olera anawo ndi amayinso omwe nthawi zambiri amalipidwa mochepa kwambiri. Ndikalowa m'kalasi tsopano, a Gondwe apitirize za mtengo wake ngati ali nazo.